Khanda Lopanda Dzina m'Kope la a Laurenti

Ine ndine Asia, ndimakhala ku Mbayani, ndipo anzanga amene timagulitsa nawo mpunga pamsika wa Blantyre akuuzani kuti mtima wanga uli pafupi. Sindikana. Koma nkhaniyi si ya ine kwenikweni, ndi ya Aziza, mwana wa malemu mkulu wanga Zeinabu.

Zeinabu anamwalira ku Ndirande mu Ogasiti chaka cha 1966, patangotha masiku awiri chibadwire mwanayo. Iye ndi mwamuna wake ankachita lendi kachipinda pakhomo pa Che Hussain, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula. Nthawi imeneyo ine ndinali kamtsikana kwathu ku Namwera. Ndimangokumbuka alamu anga a Ahmad akutsika basi ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, wonenepa bwino, n'kumuika m'manja mwa amayi. Iwo anapitirira ku Joni ndipo sanamvekenso. Amayi atatisiya, Aziza anakhala wanga, ndipo pokwatiwa ndinabwera naye m'tauni ngati mwana wanga woyamba.

Mu 1988 Aziza anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, akusoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Tsiku lina ndinamutuma ku Ndirande kukamatitsa chidebe. Chidebe chimodzi chokha chinadya maulendo anayi! Ulendo woyamba akuti mmisiri analibe mtovu, wachiwiri akuti chogwirira chinapindika. Wachinayi ndinamufunsa kuti kodi mmisiriyo dzina lake ndani, mwana n'kungoyang'ana pansi uku akumwetulira. Anali Abbas, mwana woyamba wa malemu Che Hussain omwe aja ndi malemu mkazi wawo a Hajara. Nditamva, ndinati Mulungu ndi wamkulu, wabweza mwana pakhomo pomwe anabadwira. Mnyamatayo ndinamukonda. Anali wofatsa, wa manja okhakhala ndi ntchito, wosathamangira kuyankha.

Tsiku lokumana ankhoswe zonse zinkayenda bwino mpaka pamene Che Majidi, amalume ake a Abbas, anatsokomola.

"Pepani, pali kanthu kakundivuta," anatero. "Chaka chimene Zeinabu ankamwalira ine ndinali kumigodi, ndinangomva m'kalata. Koma khanda la masiku awiri silidya phala. Linayamwa kwa ndani?"

Kwa ife Asilamu, ana oyamwa bere limodzi ndi pachibale ngati obadwa mimba imodzi, ndipo sangakwatirane. Abbas anabadwa chaka chomwecho, pakhomo pomwepo. Ine ndinapsa mtima. Ndinawafunsa Che Majidi ngati anabwera kudzamanga banja kapena kudzafukula manda, ndinanenanso zina zimene sindingalembe pano. Mwamuna wanga anachita kundikoka nsalu. A shehe, anthu odekha, anangoti ukwati uyambe waima mpaka zitadziwika.

Kudziwika kwake kuchokere kuti? Eni khomo onse anali kumanda. Nyumba zinagumulidwa kalekale, pamalopo panali chigayo. Anthu amene ankakhala pakhomopo anabalalika, wina ku Mangochi, wina ku Harare, ndipo Abbas sankadziwa n'komwe kuti chaka chimene ankabadwa pakhomopo panali ndani. Tinayenda Ndirande yense milungu iwiri. Aliyense ankati, "Eee, pa Che Hussain panali anthu ngati pasiteshoni," koma wotchula dzina la mayi ngakhale mmodzi panalibe. Aziza anasiya kudya bwino, ndipo masana ankangokhala pamakina osapalasa.

Amene anakumbuka njira anali Abbas mwini. Anabwera kwathu Lachisanu atachoka kumzikiti.

"Amayi, pa kalembera wa '77 kunabwera aphunzitsi ena ake kudzatiwerenga. Anandigwira mutu n'kunena kuti, iwe ndinakulemba uli wakhanda, pa kalembera woyamba. Dzina lawo a Laurenti. Ndafufuza, anapuma ntchito, ali ku Chilomoni."

"Nanga zikakhala kuti zimene akudziwazo n'zotipweteka?" ndinamufunsa.

"Bola tidziwe," anatero, maso ali kwa Aziza.

M'mawa mwake ine ndi Aziza tinakwera basi, makhadi a chipani tili nawo pafupi poopa kubwezedwa panjira. A Laurenti tinawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga. Anali kamunthu kakafupi, kadazi, kovala tayi ngakhale Loweruka, korona ikulendewera pamsomali wa chitseko. Titangotchula za kalembera, nkhope yawo inasintha.

"Wakutumani ndani?"

Sindinawadabwe. Masiku amenewo pepala linkatha kumutengetsa munthu osabwerako, ndipo mlendo wofunsa za mapepala sankalandiridwa ndi manja awiri. Anati mafomu onse anapita ku Zomba, iwo analumbira kusunga chinsinsi, nkhani yathera pomwepo. Ine ndinali nditayamba kale kutupa, koma Aziza anagwada pafupi nawo n'kufotokoza zonse bwinobwino, osabisa ngakhale za chidebe. Akuluwo anamvetsera chubu chili m'manja mpaka guluu anauma.

"Ukuti unabadwa liti?"

"Mu Ogasiti, '66."

"Pa Che Hussain, kumtunda kwa msika, pa mtengo wa mapeyala?" A Laurenti anaika chubu pansi. "Chinsinsi cha nyumba ndingauze mwini nyumba. Ngati iwe unagona m'menemo tsiku lija, ndiye kuti ndi kwanu. Dikirani."

Anatuluka ndi sutikesi yachitsulo. M'katimo munali makope a ana asukulu, omangidwa m'mitolo ndi luzi, mtolo uliwonse ndi chaka chake. Anafotokoza kuti iwo sankalemba pafomu ya boma ali pakhomo pa munthu, poopa kuidetsa ndi kufufuta. Ankayamba alemba m'kope ndi pensulo, n'kukakopera bwino kunyumba. Anzawo ankawaseka kuti akugwira ntchito imodzi kawiri. Makopewo anayenera kuwawotcha, koma akuti dzanja linakana.

"Ndiwotche anthu?" anatifunsa, ngati ndife tinawatuma.

Ananyowetsa chala n'kuyamba kutsegula. Zilembo zawo zinali zazing'ono, zoongoka ngati mizere ya makina a Aziza. Atafika pa tsamba lina anaseka okha.

"Khomo ili linandidyera tsiku lathunthu. Funso la boma linali lakuti, wagona muno ndani, ndipo ndi ndani wanu? Che Hussain, aliyense ndikaloza, akuti mwana wanga. Ndikuti bambo, uyu wa imviyu? Akuti nayenso mwana wanga, amadya pano. Ndinachita kuitana mmodzimmodzi kuseri kwa nyumba kuti andiuze yekha anabadwa kwa yani."

Anayamba kuwerenga. Hussain, mwini khomo, wokhoma zitini. Hajara, mkazi wake, zaka makumi awiri. Mwana wawo wamwamuna, miyezi isanu. Kenaka adzukulu atatu ochokera ku Machinga odzaphunzira ntchito, gogo wina wosaona amene panalibe ankadziwa mudzi wake, telala wa ku Nsanje ndi mng'ono wake, alendi ena anayi, mtsikana wothawa banja ku Thyolo amene anapempha kuti dzina lake lisamveke, ndipo a Laurenti analidumphadi ngakhale panali patapita zaka zonsezo. Ine ndinkamvetsera tsitsi likundiimirira. Anthu amene Ndirande yense anawaiwala ankatuluka m'kope muja mmodzimmodzi, aliyense ndi zaka zake ndi kwawo.

"Onesimo, mlonda wa kunjanji, wa ku Mulanje. Eliness, mkazi wake. Maxon, mwana wawo, miyezi itatu. Ahmad, wa ku Namwera, mkazi wake wamwalira dzana." Anaima, n'kutembenuzira kope kwa Aziza. "Mzere wotsiriza, wa naintini. Werenga wekha."

Aziza anawerenga motsitsa mawu. "Khanda lachikazi, masiku anayi. Dzina alibe, akuti mpaka tsiku lachisanu ndi chiwiri."

"Ndinakangana nawo," anatero a Laurenti. "Ena ankati musalembe, kamwana aka sikachedwa kutsatira mayi wake. Ine ndinati wagona muno, akupuma, ndi munthu wa dziko lino. Ndinakulemba."

Aziza anagwira mzerewo ndi chala, misozi n'kugwera pamkono. Anali asanaonepo chilichonse cholembedwa chokhudza masiku amenewo. Koma ine maganizo anga anali atathamangira kale kwina. Pakhomopo panali amayi awiri oyamwitsa, osati mmodzi!

"Basi, ndi Eliness ameneyo!" ndinakuwa. "Wake anali wa miyezi itatu, mkaka unali wambiri. Aphunzitsi, tilembereni kakalata kopita kwa a shehe, munene kuti mwanayu anayamwa kwa Eliness."

"Mayi, ine khandalo ndinaliona lili pamphasa, litakulungidwa m'chitenje. Pabere sindinalione. Zimene sindinaone sindilemba."

Ndinawachonderera, kenaka ndinawanyoza. Ndinati ndi anthu ouma mtima, okonda mapepala kuposa anthu amoyo. Iwo sanandibwezere. Anangomasula mtolo wina, wa 1977, n'kufufuza mpaka anapeza khomo lomwe lija. Anthu anali atasintha pafupifupi onse, gogo wosaona uja kulibe, telala kulibe, koma chiwerengero chinali chitakwera kufika makumi awiri ndi mmodzi.

"Onani apa. Maxon, zaka khumi ndi chimodzi, mwana wasukulu. Makolo ake anasamuka, koma iye anamusiya pa Che Hussain kuti amalize sukulu. Mwana wa Chikhristu, m'nyumba ya Asilamu, ndipo a Hajara ndi amene ankamudzutsa Lamulungu kuti asachedwe kutchalitchi." M'mphepete mwa tsambalo munali timawu ta pensulo. A Laurenti ankalemba komwe kuli makolo a mwana aliyense wogonera, kuti asawerengedwe kawiri. "Makolo ali ku Bangwe, kuseri kwa chigayo, njira ya kuphiri. Pitani mukafunse amene anaona. Ine mbali yanga yathera apa."

Potsanzikana ndinachita manyazi kuwayang'ana kumaso. Ndakumana ndi anthu ambiri ophunzira, koma wolemekeza ntchito yake ngati mkulu uja sindinamuonenso.

Ku Bangwe tinapita Lolemba. Zaka khumi ndi chimodzi ndi zambiri m'tauni, koma chigayo sichisamuka, ndipo amayi a pachigayo amadziwa aliyense. Anatilozera kanyumba ka njerwa zosawotcha m'munsi mwa phiri. Pabwalo panali mayi wachikulire, wamtali, akusola nandolo m'lichero. Tisanapereke n'komwe moni, anaimirira nandolo n'kumwazika.

"Mayo ine! Zeinabu!"

Anamugwira Aziza kumaso ndi manja onse awiri, kumutembenuza uku ndi uku, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anati zaka zonsezi ankadzifunsa ngati kamwana kaja kanakula. Anatiyalira mphasa, anatuma mdzukulu kukagula masikono, ndipo sanalole kuti tinene chimene tabwerera mpaka titamwa tiyi. Mwamuna wawo a Onesimo anali atamwalira, Maxon anali kalaliki ku Lilongwe.

Nditafotokoza, ndinafunsa mosazungulira. "Mayi, mwanayu anayamwa kwa inu?"

"Kwa ine, eya. Tsiku lomwe tinaika mayi ake ndinamutenga. Bambo ake anali ngati wozungulira mutu, sankadziwa n'komwe kuti mwana ali kuti."

Mtima wanga unagwa pansi ndi chimwemwe. Ndinamufinya Aziza dzanja.

"Ndipo ndinasiya kudya mbewa ndi nkhumba," anapitiriza a Eliness akuseka. "Palibe anandiuza. Ndinangoganiza kuti mwana wa Chisilamu asayamwe zimene kwawo sadya. A Onesimo ankadandaula kuti m'nyumba mwalowa Ramadani." Kenaka kuseka kuja kunatha. "Koma patatha milungu iwiri bere linatupa, ndinagwidwa malungo oopsa. Anandigoneka kuchipatala mwezi wathunthu, mkaka n'kuuma. Maxon wanga yemwe anakulira phala ndi mkaka wa m'chitini."

"Nanga uyu?" ndinafunsa, ndikuloza Aziza.

"Uyu wa m'chitini ankasanza. Anatsala mafupa okhaokha. Ndiye Hajara anati, bweretsani kuno." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Kamtsikana kowonda, mwana wake woyamba ali pamkono. Ankakhala pansi pa mpeyala paja, Abbas mbali iyi, uyu mbali iyi. Anawonda mpaka makolo ake anabwera kudzakalipa kuti mwana wa eni akumaliza. Iye anangoti, wa eni ndi uti apa? Ine nditachira ndinkamuphikira thobwa tsiku ndi tsiku kuti mkaka usathe. Miyezi isanu ndi iwiri, mpaka tsiku limene bambo ake anamutenga. Hajara analira sabata yathunthu, ngati waika maliro."

Nkhuku zinkatola nandolo zija. Ine ndinkafuna kukwiya, koma ndikwiyire ndani? Mayi amene anapulumutsa mwana wathu? Ndinaona ukwati wonse ukugwa, nsalu zimene ndinali nditasunga, nyumba imene Abbas anali atayamba kufolera. Ndipo ndivomere, satana anandinong'oneza. A Hajara kulibe, Che Hussain kulibe, kope silinena kanthu. Wodziwa anali mmodzi yekha padziko lonse.

"Mayi," ndinatero, "a shehe akakufunsani kuti anayamwa kwa inu, mukati eya, mwanama?"

A Eliness anatembenukira kwa ine. Anali munthu wachifundo, ndipo chifundocho ndi chimene ndinkafuna kugwiritsa ntchito.

"Sindinganame," anatero pang'onopang'ono. "Milungu iwiri ija ndi yoona. Malamulo a chipembedzo chanu ine sindiwadziwa. Ngati mwanayu akufuna, nditha kunena yokhayo n'kutseka pakamwa. Koma anene yekha."

Tonse tinatembenukira kwa Aziza. Nkhope yake inali itauma. Ndinkadziwa mmene ankamukondera mnyamata uja, ndine ndinkamumva akuimba pochapa.

"A Hajarawo ankaoneka bwanji?" anafunsa.

"Wakuda bwino, wa mpata kumano. Akamakuyamwitsa ankakugwira kaphazi, akuti kuti adziwe ngati ukufunda."

Aziza anaweramitsa mutu. Atadzutsa nkhope, misozi inali ikuyenderera koma mawu anali olimba.

"Mukanene zonse, amayi. Munthu anandipatsa thupi lake miyezi isanu ndi iwiri, makolo ake akumukalipira. Ndiye ine ndilowe m'banja ponena kuti sanandiyamwitse? Ndimukane kuti ndipeze mwana wake? Ayi."

"Aziza, taganiza bwino," ndinayesa.

"Ndaganiza. Ndakula ndikudziwa kuti mayi anga anandisiya ndili ndi masiku awiri. Lero ndamva kuti ndinali ndi amayi atatu, inu achinayi. Sinditayapo mmodzi."

Ine amene ndinamulera, amene ndinkadzitama kuti ndinamuphunzitsa chilungamo, ndinakhala pamphasa paja ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Ndinamunyadira kwambiri, ndipo mtima unkandiwawa kwambiri.

Pobwerera sanafune kupita kunyumba. Anati Abbas asamve kwa a shehe kapena kwa Che Majidi, amve kwa iye. Tinatsika basi ku Ndirande dzuwa likupendeka, n'kudutsa pakati pa amisiri, phokoso la nyundo lili ngwe ngwe ngwe mbali zonse. Abbas anali pansi pa kashedi kake akupinda lata. Atationa anaika nyundo pansi n'kuimirira, akupukuta manja pamalaya. Ankangoyang'ana Aziza kumaso, ndipo ndinaona kuti wayamba kale kumva.

Ine ndinatsalira pambuyo pang'ono. Aziza anafika pafupi, anakonza mpango kumutu, n'kugwada pa dothi lodzaza tizidutswa ta malata, mmene mtsikana amagwadira kwawo.

"Achimwene," anatero, "mundiperekeze kumanda a amayi athu. Sindinawathokoze."